Kalata yopita ku Cape Town: za misonkhano ya akatswiri a madzi oundana

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tili bwino. M'kalata yanu munadandaula kuti akatswiri a sayansi amamwaza ndalama pokumana m'mahotela kukambirana za madzi oundana a ku Antarctica ndi ku Arctic, madera ozizira a kumapeto kwa dziko lapansi kummwera ndi kumpoto, pamene anthu ena akugona ndi njala. Dandaulo lanu ndalimva, koma pa nkhani imeneyi sindikugwirizana nanu.

Madera awiriwa ndi aakulu kwambiri moti palibe dziko limene lingawayeze palokha. N'chifukwa chake mu 1958 kunakhazikitsidwa komiti ya SCAR, yomwe imalumikiza ofufuza a ku Antarctica ndipo imachititsa msonkhano waukulu pa zaka ziwiri zilizonse. Wa mu 2024 unachitikira ku Pucón, m'dziko la Chile. Ya ku Arctic, yotchedwa IASC, inayamba mu 1990, ndipo mu 2018 makomiti awiriwa anakumana pamodzi ku Davos, m'dziko la Switzerland.

Zimene anthuwa amapita nazo kumisonkhano si nkhambakamwa. Amabowola madzi oundana n'kutulutsa zidutswa zazitali zooneka ngati munsi, ndipo m'kati mwake mumaoneka timathovu ta mpweya umene unatsekeredwa chipale chitagwa kalekale. Timathovu timeneti tinasonyeza kuti kwa zaka 800,000 mpweya wa carbon dioxide, womwe umatenthetsa dziko, sunakwere kupitirira pafupifupi magawo 300 pa miliyoni, pamene lero wadutsa 420. Mu Januwale 2025 gulu la ofufuza a ku Ulaya linalengeza kuti labowola mamita 2,800 n'kufika pa madzi oundana a zaka 1.2 miliyoni. Manambala otere sakhulupirika mpaka anzawo a m'maiko ena atawaunika, kuwatsutsa ndi kuwayerekeza ndi awo, ndipo gawo lalikulu la ntchito imeneyi limachitikira pamisonkhano yomwe mukuidandaulayo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zimene zinachitika mu Malichi 2022, dziko la Russia litaukira Ukraine. Maiko ena asanu ndi awiri amene ali pamodzi ndi Russia mu Arctic Council, bungwe la maiko a m'dera la Arctic, anaimitsa ntchito zawo m'bungweli, ndipo mgwirizano ndi akatswiri a ku Russia unasokonekera, chonsecho pafupifupi theka la gombe la Arctic lili m'dzikolo, pamodzi ndi nthaka yaikulu ya ku Siberia imene inali youndana koma tsopano ikusungunuka n'kumatulutsa mpweya wotenthetsa dziko. Izi zachitika pamene dera la Arctic likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse, kuwerengera kuchokera mu 1979. Kwa ine, kulephera kukumana kumeneku ndiye chitayiko chenicheni, osati ndalama za hotela.

Kummwera nako zinthu sizili bwino. Mu Febuluwale 2023 madzi oundana oyandama pa nyanja yozungulira Antarctica anachepa kuposa chaka china chilichonse chiyambire kuwayeza ndi masetilaiti, ndipo mu Novembala 2024 ofufuza mazanamazana amene anakumana ku Hobart, ku Australia, anatulutsa chikalata chochenjeza maboma kuti achepetse msanga mpweya woipa. Oyandamawo akasungunuka sakweza nyanja, koma amatchinjiriza amene akhala pamtunda, omwe atati asungunuke onse nyanja ikhoza kukwera ndi mamita pafupifupi 58. Zoterezo sizingachitike m'masiku athu, komabe mzinda wa Beira, womwe doko lake limadutsitsa mafuta ndi feteleza wobwera kuno, uli pamalo otsika kwambiri moti kukwera pang'ono chabe kumaonjezera mphamvu ya madzi osefukira, ndipo tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Idai anauonongera mu 2019.

Inu muli pafupi ndi nkhaniyi kuposa ine, pakuti South Africa ndi limodzi mwa maiko 12 amene anasaina pangano la Antarctica mu 1959, ndipo sitima yake ya S.A. Agulhas II imanyamukira padoko la mzinda wanuwo kupita ndi ofufuza ku malo awo ofufuzira a ku Antarctica otchedwa SANAE IV. Panopa akatswiri akukonzekera Chaka cha Madera Oundana chachisanu, cha 2032 mpaka 2033, nyengo imene maiko amafufuzira limodzi madera awiriwa. Ikadzakocheza sitimayo mukapite ndi ana akaione, ndipo mudzandilembere ngati maganizo anu akadali omwe aja.

Mundiperekere moni kwa alamu.

Ine wanu,
Mnzanu wa ku Zomba