Kwa ovina ndi oimba ng'oma onse: Loweruka tikuvina ku Ellis Park Arena

Mamembala a gulu lathu la magule,

Loweruka likudzali tapatsidwa mphindi 20 zovina pa mwambo wa zachikhalidwe ku Ellis Park Arena ku Doornfontein mumzinda wa Johannesburg, holo ija kale inkatchedwa Standard Bank Arena. Musasokoneze ndi sitediyamu yaikulu ya Ellis Park imene munachitikira fainolo ya Rugby World Cup mu 1995. Ili pafupi pomwepo, koma ife tikulowa m'holo yofolera. Mumakhala anthu pafupifupi 6,000, ndiye si zovina za pabwalo la tchalitchi zija ayi.

Tikumane pageti 9 koloko m'mawa. Ochokera ku Soweto ndi m'tauni, basi ya Rea Vaya ikakutsitsani pa Ellis Park.

Tiyamba ndi chimtali, abambo adzatseka ndi beni. Amayi, chitenje cha gulu ndi duku yoyera. Abambo a beni, malaya a khaki asitidwe, osati makwinya aja a ulendo watha. Aliyense asaiwale pasipoti.

Nkhani yaikulu ndi ng'oma. M'holo simuyatsidwa moto, choncho oimba ng'oma muziwambe musananyamuke, muzikulunge m'bulangete kuti chikumba chisazizire panjira. Ng'oma yosawamba imalira ngati chidebe, ndipo pamaikolofoni manyazi ake amafika mpando wakumbuyo.

Chopereka ndi R150 aliyense, ya galimoto yonyamula ng'oma ndi nkhomaliro. Perekani kwa msungichuma pofika Lachinayi madzulo.

Yankhani pa WhatsApp lero lomwe: "ndibwera" kapena "sindibwera". Okhala chete sitiwalemba pamndandanda wa pageti.

Mlembi