Makontilakiti a zomangamanga azigawa chiopsezo

Akonzi,

Nyumba zambiri zimene timaziona zitalekezera m'mawindo, udzu utamera m'kati, sizinaime chifukwa cha ulesi wa kontilakitala ayi. Vuto limayambira pa kontilakiti. Mwini ntchito amajambulitsa pulani payekha, n'kuitanitsa makontilakitala kuti apereke mitengo yawo, n'kusankha wotchipa, kenako n'kumusenzetsa zonse zimene zingadzagwe, mtengo osasintha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi zitsulo zidakwera, koma mtengo wapapepala udali womwewo. Zikatere womanga amathawa, apo ayi amachepetsa simenti m'konkire.

Njira ina ilipo. Ku Britain, bungwe la Institution of Civil Engineers lidatulutsa kontilakiti ya zomangamanga yotchedwa New Engineering Contract (NEC) mu 1993, ndipo gawo lake la Option C limayenda motere. Mwini ntchito ndi kontilakitala amagwirizana mtengo woti ntchito ithere, tinene K500 miliyoni. Kontilakitala amalipidwa zimene wawonongadi, kuphatikiza gawo lake la phindu, malisiti a mchenga, miyala ndi malipiro a aganyu ali poyera. Ntchito ikathera pa K460 miliyoni, K40 miliyoni yotsalayo amagawana monga adapanganirana pachiyambi. Ikafika K540 miliyoni, kupwetekako amagawananso.

Chimene chimapulumutsa ndalama kwenikweni n'kuchenjezana msanga. Okumba maziko akapeza dothi la makande, lija limatupa dzinja n'kung'ambika chilimwe, kontilakitala amalemba chenjezo nthawi yomweyo, ndipo injiniya, wojambula ndi mwini ntchito amakhala pansi konkire asanathiridwe. Kuzamitsa maziko kapena kuwonjezera zitsulo pamenepo n'kotchipa kusiyana ndi kudzagumula khoma losweka. Chikhala chomutenga womanga pulani isanamalizidwe, bwenzi nthakayo itayezedwa kale.

Koma tisanamizane, njirayi ili ndi misampha. Mtengo woyambira ukaikidwa pamwamba dala, kontilakitala "amapulumutsa" ndalama zimene sizikadawonongeka n'komwe. Pamafunika wowerengera zipangizo wodziwa ntchito, woona malisiti mwezi ndi mwezi. Komanso mwini ntchito akamachedwetsa malipiro miyezi isanu, kugawanako kumangotsala papepala.

Pempho langa kwa a bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno ndi a PPDA, omwe amayang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, n'lakuti ayese kontilakiti yotere pa ntchito zingapo zapakatikati, monga midadada ya sukulu, ndipo ntchito iliyonse yopitirira chaka izikhala ndi ndime yosinthira mtengo simenti, zitsulo ndi dizilo zikakwera.

Wowerenga wanu,
Lilongwe