Oyendetsa maboti azikweza ma trim tab asanakocheze

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndi eni maboti a injini pamodzi ndi anyamata amene amawayendetsa pa Nyanja ya Malawi, makamaka maboti aliwiro onyamula alendo ku Senga Bay, Cape Maclear, Monkey Bay ndi Nkhata Bay. Nkhani yanga ndi ya ma trim tab, zitsulo ziwiri zaphanthiphanthi zimene zimalumikizidwa ndi mahinji kumbuyo kwa boti, m'munsi mwenimweni, china kumanja china kumanzere kwa injini. Oyendetsa ambiri amadziwa kuzitsitsa, koma amene amakumbukira kuzikweza pobwerera m'mbuyo ndi pokocheza ndi owerengeka.

Zitsulozi ntchito yake ndi ya boti limene likuthamanga chakutsogolo. Zikatsitsidwa, madzi otuluka pansi pa boti amazikankhira m'mwamba, ndipo mbuyo ya boti imanyamuka pamene mutu wake ukutsika, kotero kuti boti silimenya kwambiri pa mafunde. Ngati alendo adzazana mbali imodzi boti n'kupendama, woyendetsa amatsitsa chitsulo cha mbali yomweyo kuti boti liwongoke. Zonsezi n'zabwino pakati pa nyanja.

Vuto limabwera woyendetsayo akafika padoko zitsulo zili chitsikire, n'kuika injini m'giya yobwerera m'mbuyo. Apa madzi sachokeranso pansi pa boti, koma amachokera kumbuyo n'kukwera pamwamba pa chitsulo monga mmene mchenga umakwerera pa fosholo. M'malo monyamuka, mbuyo ya boti imakokeredwa pansi, ndipo ngati kuli mwera, monga zimakhalira m'miyezi yozizira, funde limalowa mosavuta kumbuyo kumene nthawi zambiri kumakhala batire ndi thanki ya mafuta. Zimaipiratu pamene chitsulo chimodzi chatsika kuposa chinzake, chifukwa chotsikacho chimagwira madzi ochuluka ndipo boti limayamba kukhota lokha. Woyendetsa amangozunguza chiwongolero uku akudandaula za mphepo, pamene chimene chikumulepheretsa chili pansi pa madzi, ndipo anachitsitsa yekha.

Komanso zitsulozo zimawonongeka. Mahinji ndi timikono tozikankha tinapangidwa kuti tizilimbana ndi mphamvu yochokera pansi, osati yochokera kumbuyo. Pa magombe athu ambiri palibe doko lomangidwa, ndipo boti limaima pamchenga, mwinanso pakati pa miyala ngati ya ku Cape Maclear. Chitsulo chotsika ndicho chimayamba kugunda pansi. Ndinaonapo boti lina litatulutsidwa m'madzi, chitsulo cha kumanzere chitapindika, masikuluwu atazuka n'kusiya timabowo tondondozana, ndipo madzi amene analowa m'thupi la botilo ankadontha m'timabowomo pang'onopang'ono. Zotere zimachitikanso pokweza boti pa ngolo yokokedwa ndi galimoto.

Alipo ena amene amanena kuti kutsitsa chitsulo chimodzi kumathandiza kutembenuza boti pamalo opanikiza. Ine sindigwirizana nawo. Boti likamayenda pang'onopang'ono, mphamvu ya chitsulocho siyodalirika, ndipo woyendetsa amene maso ake ali pa mabatani sangaone bwino mwana amene akusambira pafupi ndi injini. Chimene chimakocheza boti bwino ndi injini yomweyo: kuyamba wapotoza chiwongolero usanalowetse giya, kupatsa moto pang'ono, n'kuchotsanso giya. Kukwezako injini pang'ono pobwerera m'mbuyo kumathandizanso kuti madzi ochokera ku pulopela adutse pansi pa boti m'malo momenya kumbuyo kwake, bola timabowo tolowera madzi oziziritsa injini tikhalebe m'madzi.

Eni maboti nawonso ali ndi mbali yawo. Makampani monga Bennett ndi Lenco ali ndi makina amene amakweza zitsulozi okha kiyi akazimitsidwa, koma pamenepo n'kuti boti litakocheza kale, choncho mwini boti asaganize kuti makinawo amuchotsera udindo wophunzitsa wantchito wake. Timagetsi tosonyeza pamene zitsulo zafika tikafa, tizikonzedwa msanga, chifukwa woyendetsa sangazione ali pampando wake. Podikira kuti tikonzedwe, adinize mabatani onse awiri okwezera n'kuwagwira mpaka zitsulo zitafika pamapeto, ndipo achite zimenezi atangotsitsa liwiro, adakali patali ndi gombe.

Ndikupempha a Dipatimenti ya za Maulendo a Pamadzi, komanso aphunzitsi a ku Marine Training College ku Monkey Bay, kuti poyesa woyendetsa boti lokhala ndi zitsulozi azimuuza kuti alibweze m'mbuyo n'kulikocheza iwo akuona, ndipo asamupatse chiphaso ngati sanayambe wazikweza.

Wowerenga wanu,
Monkey Bay, Mangochi