Kalata ya Abusa: Za manda akale a mpingo wathu

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu, pamodzi ndi a m'nyumba zanu.

Ndikulemberani za manda akale aja ali kuseri kwa tchalitchi. Udzu wafika m'chiuno, ndipo ng'ombe zaponda njira pakati penipeni popita kumadzi. Mtanda wina wachitsulo wagwa, dzimbiri ladya dzina lonse, kwangotsala zilembo ziwiri. Chondiwawa kwambiri ndi zitsa zatsopano: wina wagwetsa mitengo kuti aotche makala. Makolo athu, ngakhale asanamve Uthenga Wabwino, sankatola ndi nkhuni yomwe kumanda.

Mpingo wathu unayambira pa Magwero mu 1899, pamene amishoni a Dutch Reformed anafika m'dziko la Mpezeni, mfumu ya Angoni, Chipata akutchedwa Fort Jameson. Mishoni ya Madzimoyo anaitsegula mu 1903, ya Nyanje mu 1905. Koma amishoniwo anali owerengeka. Amene anayenda wapansi mudzi ndi mudzi, kuphunzitsa ana kuwerenga pansi pa mtengo ndi kuyambitsa makalasi a ubatizo, anali alaliki ndi aphunzitsi a kwathu konkuno. Akhristu oyamba amene iwo anawakolola ndiwo agona kumanda kuja. Masiku amenewo kunalibe ziliza za simenti. Ankangounjika miyala, n'kubzala mtengo kumutu, dzina n'kulisunga mumtima.

Apa ndiye pali nkhawa yanga. Agogo otha kuloza mulu wa miyala n'kunena kuti apa pagona uje, mwana wa uje, atsala ochepa, ndipo ena maso ayamba kuchita mdima. Udzu tikhoza kutchetcha chaka chilichonse, koma agogowa akatisiya, tidzafunsa ndani?

Choncho akulu a mpingo agwirizana kuti Loweruka loyamba la mwezi wamawa tikalambule manda, udzu usanaumiretu ndi moto wolusa usanayambe. Amfumu tawadziwitsa kale ndipo avomera. Adzukulu ndiwo adzatitsogolera, chifukwa akudziwa poponda ndi posaponda. Abambo mubwere ndi makasu ndi zikwakwa, tikalime mzere wotchinga moto kuzungulira manda onse. Nkhwangwa zitsale kunyumba. Amayi a Chigwirizano alonjeza thobwa, ndipo amene ali ndi kaufa aperekeko.

Achinyamata, ntchito yanu ndi iyi: mukatenge agogo anu, kaya panjinga kaya pangolo, muwakhazike pamthunzi, ndipo muzilemba m'buku dzina lililonse limene atchule ndi malo ake. Musawafulumize akayamba kufotokoza. Bukulo lidzasungidwa pamodzi ndi mabuku a ubatizo.

Inu amene muli ku Lusaka ndi ku Migodi, ngati muli ndi m'bale amene anaikidwa kumeneko, tumizani dzina lake kwa mlembi wa mpingo tsikulo lisanafike.

Tidzayamba ndi pemphero m'tchalitchi 6 koloko m'mawa.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
M'busa wanu