Belo ya achimwene anga ikutha pakangopita masiku 9

Mayi Mlangizi,

Ndikulemba usiku, tulo palibe. Achimwene anga ali ku India, ali pa mlandu wobisa gwero la ndalama zachinyengo. Momwe dzina lawo linalowera m'nkhaniyi musandifunse, ndi zoti sindinauzepo munthu ngakhale kutchalitchi. Impso zawo zinafa, amasefedwa magazi katatu pa sabata, maola 4 ulendo uliwonse.

Kumeneko gawo 45 la lamulo la 2002 lolimbana ndi milandu yotereyi, lotchedwa PMLA, limati belo isaperekedwe pokhapokha khoti litaona kuti mwina munthuyo ndi wosalakwa komanso sakapalamulanso. Koma limasiya mpata kwa odwala, ndipo mpatawo ndi umene unawatulutsa, kwa masabata 6 okha. Pempho lowonjezera masiku liyenera kulowa tsiku lisanakwane, apo ayi abwerere okha kundende. Jaji safunsa kuti kodi akudwala. Amafunsa ngati chithandizocho sichingapezeke ali m'ndende, ndipo akakayika amatumiza munthu kwa gulu la madokotala a chipatala cha boma.

Apa ndi pamene pavuta. Dokotala walemba kuti akupezako bwino, osalemba kuti akadumpha tsiku limodzi madzi amadzadza m'mapapo ndipo potaziyamu amakwera mpaka kuimitsa mtima. Mawu oti akupezako bwinowo oimira boma adzawagwiritsa ntchito potsutsa pempholo. Pamafunika zotsatira zatsopano za magazi, ndandanda ya masiku osefera, ndi kalata yonena zimene zingachitike akasiya. Alamu anga, amene ali nawo konko, anditumizira pa WhatsApp zithunzi za mapepalawo zosaoneka bwino, za mwezi watha, tsamba lachiwiri palibe. Ndawapempha kanayi. Akuti ndimadzimva kuphunzira. Ine ndi amene ndinawalipirira tikiti ya ndege.

Ndinawerenga za Satyendar Jain, yemwe anali nduna ku Delhi. Pa mlandu wonga womwewu anapatsidwa belo ya odwala ya masabata 6 mu Meyi 2023, anamuwonjezera kangapo, koma mu Malichi 2024 khoti lalikulu kwambiri la India linamulamula kubwerera kundende. Ngati zinatero kwa mwini dziko, nanga mlendo amene pasipoti yake ili m'manja mwa khoti? Amene anasainira belo ya achimwene nayenso wayamba kunena zoti achokemo.

Loya akufuna ndalama ina asanapereke pempholo. Chatsala ndi puloti ya malemu bambo, ndipo amayi akudziwa zoti mwana wawo ali kuchipatala basi. Ndinawanamiza ndine, chifukwa cha BP yawo. Kodi ndinalakwa? Ndigulitse pulotiyo pogulira masabata ena 6 amene angathenso? Ndiwauze amayi tsopano, kapena ndidikire jaji? Nanga alamuwa ndiwalankhule bwanji kuti apite kwa dokotala mawa lomwe, poti foni yanga sakuyankhanso?

Mlongo wosowa pogwira,
Lilongwe