Kalata kwa mnzanga: chimene chimagwetsa misozi m'mafilimu okumbutsa unyamata

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kutali ukoko. Kuno tonse tili bwino. Wafunsa chifukwa chake mafilimu a achinyamata amene akukula, kukondana, kenako n'kusiyana kapena kuferedwa amagwira mtima chonchi, ndipo wati ukufuna kulemba yakoyako. Ndikuuze mmene amapangidwira, chifukwa misozi imene anthu amakhetsa imachita kukonzedwa.

Chinsinsi chachikulu n'chakuti woonera amadziwitsidwa msanga kuti china chake chinatayika kale. Mu Stand by Me ya mu 1986, bambo wamkulu amawerenga m'nyuzipepala kuti mnzake wa paubwana waphedwa, ndiye nkhani imabwerera ku 1959 pamene anali anyamata anayi. Mu Cinema Paradiso ya mu 1988, bambo wina dzina lake Salvatore ali ku Rome amamva kuti Alfredo, mkulu woonetsa mafilimu amene anali mnzake paubwana, wamwalira, nkhani n'kubwerera ku Sicily kumene anakulira. Kuyambira pamenepo, ana akamaseka woonera amaseka nawo koma mtima ukuwawa, poti iye akudziwa kumene zikupita pomwe anawo sakudziwa. Ukabisa imfayo mpaka kumapeto, udzadzidzimutsa anthu kwa mphindi ziwiri zokha. Ukaiulula poyamba, chisoni chimayenda ndi filimu yonse.

Palinso za ubongo. Akatswiri a zamaganizo anapeza kuti achikulire akamakumbukira moyo wawo, zambiri zimachokera pa zaka za pakati pa 10 ndi 30, nthawi imene munthu amachita zinthu zambiri koyamba. N'chifukwa chake munthu amene sanafikeko ku Sicily amalirabe. Akulirira zake.

Tsopano za kalembedwe. Tsamba limodzi la script, yomwe ndi nkhani yolembedwa ya filimu, limakhala pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, choncho filimu wamba imafuna masamba 90 mpaka 120. M'masamba 10 oyamba woonera adziwe amene akukumbukira, chaka chimene akubwerera, ndi chimene chamukumbutsa. Ngakhale woonera wadziwitsidwa kale, kusiyana kapena imfa yeniyeniyo ioneke nkhani itapitirira theka, cha ku tsamba 70 kapena 80 mu script ya masamba 100, kuti patsale malo oonetsa mmene wotsalayo akukhalira. Olemba ongoyamba amafulumira pamenepa: maliro, nyimbo, basi filimu yatha. Komatu zowawa kwenikweni zili m'masiku otsatira, monga mpando wopanda munthu m'kalasi kapena mnyamata kuyamba kuyimba nambala ya foni n'kusiyira pakati.

Udzale kanthu kamodzi koyambirira kamene kadzabwerere kumapeto katasintha tanthauzo. Mu Cinema Paradiso, wansembe amalamula Alfredo kudula mbali zonse zopsompsonana m'mafilimu asanaonetsedwe, ndipo poyamba izi zimangoseketsa. Kumapeto Salvatore amalandira zidutswa zija zitalumikizidwa, mphatso imene Alfredo anamusiyira. Palibe amene amafotokoza kanthu, ndipo sipafunika. Kanthu kotere kaoneke kawiri kapena katatu basi. Kakachuluka, woonera amazindikira msampha.

Pa kajambulidwe, zakale amazipatsa kuwala kofiirira ngati kwa dzuwa lolowa, zalero amazisiya zozizira, zotuwa kapena zobiriwirako, kuti woonera asasokonezeke nthawi. Kuwala kumene amakufuna kumapezeka dzuwa litangotuluka ndi pamene latsala pang'ono kulowa, ndipo nthawi zambiri sikupitirira ola limodzi. Kufupi ndi equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, kumachepa kuposa pamenepo. Choncho osewera amayeserera masana, kamera n'kuikidwiratu, kuti nthawiyo ikakwana angojambula. Ena amagwiritsa ntchito filimu ya 16mm, tepi yojambulira yopapatiza, chifukwa cha timadontho take, kapena chithunzi chopapatiza cha 4:3 chofanana ndi ma TV akale. Cholakwika chofala n'kuwonjeza kufiirako mopyola pokonza mitundu pa kompyuta: nkhope zimaoneka ngati za odwala, ndipo pa khungu lakuda maso ndi masaya zimabisika mumdima.

Nyimbo isachuluke. Yabwino ndi imodzi yaifupi yobwerezedwa katatu kapena kanayi, poyamba yopepuka ndi chida chimodzi, kumapeto yodekha ndi zida zambiri, ndipo pa nthawi ya imfa yeniyeniyo nthawi zambiri kuli bwino kungokhala chete. Ukafuna nyimbo yotchuka ya nthawi imeneyo, dziwa kuti zilolezo ndi ziwiri: cha amene anapeka, ndi cha mwini wa nyimbo yojambulidwayo. Ambiri amalemba gawo lonse motsamira nyimbo inayake, kenako n'kupeza kuti ndalama zake sangazikwanitse.

Osewera achichepere ali ndi vuto lawolawo: amakula. Mnyamata wa zaka 12 kapena 13 mawu angasinthe m'miyezi yochepa, ndiye zigawo zake zijambulidwe motsatizana, osati kudumphitsa nyengo. M'mayiko ambiri malamulo amachepetsanso maola amene mwana angagwire ntchito patsiku. Filimu ya Boyhood inatsata njira ina, inajambulidwa kwa zaka 12 ndi osewera omwewo, koma ndi ochepa angapirire zotero. Ngati munthu mmodzi, ali mwana ndiponso atakula, aseweredwa ndi anthu awiri, usavutike kwambiri ndi kufanana kwa nkhope. Agwirizane kayendedwe, kasekedwe ndi dzanja limene amalembera. Woonera amakhululuka mphuno yosiyana, koma wamanzere akasanduka wamanja amaona.

Uyang'anenso zinthu za m'nthawi yolakwika: mtundu wa foni, galimoto yodutsa kumbuyo, kametedwe, ngakhale mawu achinyamata amene panthawiyo kunalibe. Anthu amene anakhalako m'zaka zimenezo ndiwo oonera ako enieni, ndipo sachedwa kugwira bodza.

Chimene chimandinyansa ine m'mafilimu ofooka a mtunduwu ndi mtsikana amene analembedwa kuti adzafe basi. Ndi wokongola, amamwetulira, amatsokomola kamodzi, kenako kulibe. Mupatse zofuna zake, ukali wake, nthabwala zake zosaseketsa, ngakhale tsiku limene analakwira mnzakeyo, chifukwa woonera sangalire munthu amene sanamudziwe. Zakalezo zisakhalenso zokoma zokhazokha. Muikemo manyazi, nsanje ndi mawu oipa amene sanapepesedwe. Wofotokoza nkhani nayenso asamanene zimene chithunzi chaonetsa kale. Ngati tikumuona mnyamata akulira, sitifunika kumva mawu a wamkulu akuti tsiku limenelo ndinamva chisoni. Alankhule pokhapokha akudziwa chinthu chimene mwanayo sakanadziwa, monga kuti kumeneko kunali kuonana komaliza.

Ukalemba masamba 10 oyamba unditumizire, pamodzi ndi chiganizo chimodzi chonena chimene munthu wako anataya ndi kanthu kamene wasankha kudzala. Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.