Liwiro si velocity, mtunda si displacement

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo kudzera m'nyuzipepala yanu za chinthu chomwe chimagwetsa ophunzira ambiri a Fizikisi akangofika pa mutu wa kayendedwe ka zinthu. Tikamawamasulira, timati "liwiro" pa speed ndi pa velocity pomwe, ndipo timati "mtunda" pa distance ndi pa displacement pomwe. Mwana amangoganiza kuti ndi mayina awiri a chinthu chimodzi, masamu ake n'kusokonekera pomwepo, chonsecho velocity ndi liwiro pamodzi ndi kumene chinthu chikulowera.

Zonse zimayambira pa malo. Musanawerenge kanthu, sankhani poyambira, pamene padzakhale 0, ndipo sankhani mbali imene idzakhale ya pulasi. Tinene kuti poyambira ndi pachipata, kum'mawa ndi pulasi. Munthu amene waima mamita 12 kumadzulo kwa chipatacho ali pa -12 m. Mbali yake mutha kusankha iliyonse, koma mukasankha musasinthenso pakati pa funso. Ophunzira ambiri amagwera apa: munthu wa m'funso akatembenuka, iwonso amatembenuza mbali ya pulasi.

Displacement ndi kusintha kwa malo, kutanthauza malo omaliza kuchotsa malo oyamba. Njira imene yadutsidwa ilibe nazo ntchito. Munthu akayenda mamita 40 kum'mawa n'kubwerera mamita 10, mapazi ake ayenda mtunda wa mamita 50, koma displacement yake ndi +30 m. Ngati zonsezi zamutengera masekondi 20, liwiro lake la avareji ndi 50 kugawa ndi 20, ndiye 2.5 m/s (mamita pa sekondi). Velocity yake ya avareji ndi displacement kugawa ndi nthawi, 30 kugawa ndi 20, ndiye 1.5 m/s cha kum'mawa. Ulendo ndi umodzi, mayankho ndi awiri, ndipo onse ndi olondola malinga ndi chimene chafunsidwa.

Wothamanga amene wazungulira bwalo la mamita 400 m'masekondi 80 wathamanga pa liwiro la 5 m/s. Koma pakuti wabwerera pamzere pomwe anayambira, displacement yake ndi 0, velocity yake ya avareji ndi 0. Ana amaseka akamva zimenezi, amati kodi thukuta lonselo lapita pachabe? Ayi, thukutalo lawerengedwa mu mtunda. Displacement imangofunsa kuti wathera pati poyerekeza ndi pomwe unayambira.

Njira ikakhota, osangophatikiza manambala. Mamita 30 kum'mawa kenako mamita 40 kumpoto ndi mtunda wa mamita 70, koma displacement ndi mzere wowongoka kuchoka poyambira kufika pothera, ndipo lamulo la masamu la Pythagoras (30×30 + 40×40 = 50×50) limapereka mamita 50. Jambulani kaye mivi iwiri yoimira maulendo awiriwa papepala musanagwire kakyuleta.

Msampha wina ndi wa avareji. Galimoto yapita makilomita 60 pa 60 km/h (makilomita pa ola), yabwerera pa 30 km/h. Pafupifupi aliyense amalemba 45 km/h, poti waphatikiza 60 ndi 30 n'kugawa pawiri. Zolakwika zimenezo. Popita yatenga ola limodzi, pobwera maola awiri, ndiye makilomita 120 m'maola atatu ndi 40 km/h. Galimotoyo yakhala nthawi yaitali ikuyenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake yankho lapendekera ku 30.

Muonetsetsenso miyezo. Kusintha km/h kukhala m/s mumagawa ndi 3.6, choncho 72 km/h ndi 20 m/s. Kusakaniza makilomita ndi masekondi m'chiwerengero chimodzi kumabala yankho lopanda mutu.

Singano ya liwiro imene dalaivala amayang'ana imaonetsa liwiro la nthawi yomweyo, siuza kumene galimoto yaloza. N'chifukwa chake galimoto yokhota pakona singano itakhazikika pa 50 km/h ikusintha velocity ngakhale liwiro silinasinthe, ndipo okwera amamva ngati akukankhidwira kumbali.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi olemba mabuku ndi lakuti mawu oti "liwiro" tiwasiyire speed yokha. Tikanena velocity tizinena kuti ndi liwiro pamodzi ndi kumene chinthu chikulowera, ndipo yankho lililonse la velocity lopanda chizindikiro cha pulasi kapena mainasi, kapena lopanda mbali ngati kum'mawa, lizibwezedwa kuti mwanayo akalimalize.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Fizikisi